Mawu akamabwera mochedwa m'mahedifoni: mmene mungathetsere latency pojambula nyimbo

Mtsikana wina wodziwa kuimba ndinamubwerezetsa kolasi imodzi maulendo 9. Ndikamvetsera zimene tajambula, mawu ake ankatsalira kumbuyo kwa biti, pang'ono pokha, koma mokwanira kuti nyimbo imveke yolemera miyendo. Ine ndinkangomuuza kuti akuchedwa kulowa. Pomaliza anavula mahedifoni n'kunena mofatsa kuti, "Achimwene, ndikamaimba ndikumva ngati pali wina akundiyankha kumbuyo." Apo m'pamene ndinatsegula mixer n'kuona limiter, kapulogalamu koletsa mawu kupitirira malire, imene ndinaika pa master, potulukira mawu onse a nyimbo, usiku wa dzulo lake, pofuna kuti biti igunde mwamphamvu. Nditaichotsa, kolasi ija tinaitenga kamodzi n'kuthana nayo. Manyazi anandigwira, chifukwa ola lathunthu ndinakhala ndikuimba mlandu munthu wosalakwa.

Kuchedwa kumeneko ndiye latency, nthawi imene imadutsa kuchokera pamene mawu alowa m'maiki mpaka pamene abwerera m'makutu mwanu. Timaiyeza mu ma millisecond, olembedwa mwachidule kuti ms, ndipo 1,000 ms ndiyo sekondi imodzi. Pa kompyuta siitheratu yonse, koma imatha kutsika mpaka khutu kusiya kuizindikira. Chimene chimatayitsa anthu masiku n'kusintha zinthu zisanu nthawi imodzi, vuto n'kuchepa kapena kukula, iwo osadziwa chimene chachititsa. Ndiye pa zonse zili m'munsimu, sinthani chimodzi, yesani, kenako mupite pa china.

Gawo loyamba: dziwani kaye nthenda yake

Anthu akamati "ndili ndi latency" amakhala akunena chimodzi mwa zinthu zitatu, ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Choyamba n'chakuti mukamaimba kapena kudina kiyibodi, mawu akumveka mochedwa pomwepo. Chachiwiri n'chakuti poimba zonse zinali bwino, koma pomvetsera mukupeza kuti zimene mwajambula zagwera kumbuyo kapena kutsogolo kwa biti. Chachitatu si kuchedwa n'komwe, ndi kuthetheka ndi kudukaduka kwa mawu, ngati moto ukudya udzu wouma.

Kuti mudziwe lanu, tsegulani pulojekiti yatsopano yopanda kanthu mu pulogalamu yanu yopangira nyimbo, imene ambiri amangoti DAW. Ikani track imodzi (mzere wojambulirapo mawu), zimitsani masipika, valani mahedifoni, yatsani metronome, kogunda kosunga liwiro la nyimbo, ndipo muziomba m'manja pafupi ndi maiki motsatira kugunda kwake. Kuomba kukamamveka kawiri, pha-pha, vuto ndi loyamba lija. Jambulani ma bar 4, kulitsani chithunzi cha mawu pa sikirini, muone pamene kuomba kulikonse kwagwera. Munthu amaphonya uku ndi uku, nthawi zina kutsogolo nthawi zina kumbuyo. Koma kuomba konse kukakhala mbali imodzi ya mzere, pa mtunda wofanana, amenewo ndi makina.

Ngati mu pulojekiti yopanda kanthuyi zonse zili bwino pamene mu nyimbo yanu zikuvuta, musataye nthawi ndi driver kapena buffer. Lumphani mupite pa gawo lachisanu.

Gawo lachiwiri: chotsani zoonekeratu

Mahedifoni a Bluetooth aikeni pambali. Ngakhale akhale apamwamba bwanji, amayenera kupanikiza mawu, kuwatumiza popanda chingwe n'kuwamasulanso, ndipo ntchito imeneyi nthawi zambiri imadya kuposa 100 ms. Palibe batani mu DAW limene lingabweze nthawi imeneyo. Tengani a chingwe, muwalowetse mu audio interface, kabokosi kolumikiza maiki ndi kompyuta, momwe mwalowetsa maiki, osati pa kabowo ka laputopu. Zida ziwiri zosiyana, china cholowetsa mawu china chotulutsa, chilichonse chimayendera wotchi yakeyake, ndipo pakapita mphindi zingapo zimatha kusemphana. Ili ndilo vuto la maiki za USB zimene zilibe polowetsa mahedifoni.

Pa Windows lowaninso mu Sound, pa Recording, mutsegule Properties za maiki yanu, muone ngati bokosi la Listen to this device ndi lochonga. Likachongedwa, Windows imakubwezerani mawu anu payokha, mochedwa kwambiri, DAW isakudziwa n'komwe.

Gawo lachitatu: driver

Driver ndi kapulogalamu kamene kamalumikiza DAW ndi chida cha mawu. Pa Mac nkhaniyi ndi yaifupi: pali Core Audio, imathamanga bwino, ingosankhani interface yanu pa input ndi pa output pomwe. Pa Windows ndiye pali mphambano. MME ndi DirectSound ndi njira zakale, ndipo mawu amadutsa m'manja ambiri asanatuluke. Pojambula mukufunika ASIO, imene kampani ya Steinberg ya ku Germany, eni ake a Cubase, inatulutsa mu 1997 kuti DAW izilankhulana ndi chida cha mawu mwachindunji, osadzera mu mixer ya Windows.

Pitani pa webusaiti ya kampani imene inapanga interface yanu, mutenge driver ya mtundu weniweni wa chida chanu, muiike, muzimitse kompyuta n'kuyatsanso. Kenako muisankhe mu DAW, chifukwa siidzisankha yokha. Mu FL Studio dinani F10, pitani pa Audio, muyang'ane pa Device. Mu Ableton Live ndi mu Settings, pa Audio, Driver Type ikhale ASIO. Mu Cubase ndi pa Studio, Studio Setup. Mu Reaper dinani Ctrl+P, Audio, Device. Mu Pro Tools ndi pa Setup, Playback Engine.

Pa mndandandawo mudzaonapo mayina angapo okhala ndi mawu akuti ASIO, ndipo apa ambiri amasokera. ASIO4ALL ndi malaya a ASIO amene amavekedwa driver wamba ya Windows. Imathandiza kwambiri ngati mulibe interface, kapena ngati interface yanu ilibe driver yakeyake. Koma ngati ya eni ake ilipo, kusankha ASIO4ALL n'kusiya msewu n'kudzera m'tchire. Imakondanso kugwira chida cha mawu yokhayokha, n'chifukwa chake YouTube imangoti zii DAW ikakhala yotsegula. FL Studio ASIO imalola mapulogalamu ena kumveka, komabe nayonso imadzera mu Windows, choncho siifika pa liwiro la driver imene inalembedwera chida chanucho.

Gawo lachinayi: buffer

Kompyuta sigwira mawu ngati madzi oyenda mosalekeza. Imawadula tizidutswa totchedwa ma sample, 44,100 kapena 48,000 pa sekondi iliyonse, n'kumatunga kandowa kamodzi, kugwirapo ntchito, kupereka, n'kubwerera kukatunga kena. Kandowa kameneka ndiko buffer. Kakakhala kakakulu kamachedwa kudzaza, inu n'kumadikira. Kakakhala kakang'ono kamadzaza msanga, koma CPU, ubongo wa kompyuta, imayenera kuyenda maulendo ambirimbiri, ndipo ikangolephera kubwera pa nthawi yake kamodzi kokha, mumamva kuthetheka. Walira mvula walira matope.

Masamu ake ndi osavuta. Gawani buffer ndi sample rate, chiwerengero cha ma sample pa sekondi chija, muchulukitse ndi 1,000. Pa 48,000 Hz, buffer ya 64 ndi 1.3 ms, ya 128 ndi 2.7 ms, ya 256 ndi 5.3 ms, ya 512 ndi 10.7 ms, ya 1024 ndi 21.3 ms. Koma umenewo ndi ulendo wopita wokha. Mawu a woimba amadutsa mu buffer polowa ndi potuluka, ndiye muwirikize kawiri, muwonjezerepo nthawi yosandutsa mawu kukhala manambala ndi kuwabwezanso, komanso tima buffer tina tobisika timene driver ya USB imasunga podziteteza. N'chifukwa chake pa 128 si zachilendo kuona pakati pa 7 ndi 10 ms, ndipo pa 1024 mumapitirira 40 ms. Nambala yoti muziiyang'ana ndi ya ulendo wonse. Ableton imailemba kuti Overall Latency. Reaper imaonetsa manambala awiri pamwamba chakumanja, yolowa ndi yotuluka, inu muphatikize.

Nanga yochuluka ndi iti? Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi mu mpweya, kutanthauza kuti mita iliyonse imadya pafupifupi 3 ms. Woimba gitala ataima mamita 3 kuchokera pa amplifier yake amamva zingwe zake mochedwa ndi 9 ms, ndipo sadandaula. Choncho pa gitala ndi kiyibodi, pansi pa 10 ms anthu ambiri amaimba mosavutika. Woimba ndi pakamwa ndi wina. Iye amamva mawu ake nthawi yomweyo kudzera m'mafupa a m'mutu, ndipo a m'mahedifoni akabwera pambuyo, ngakhale ndi ma ms ochepa, awiriwo amafafanizana mbali zina n'kumveka ngati akuimbira mumgolo. Woimba akakuuzani kuti mawu ake akumveka achilendo, mukhulupirireni, ngakhale inu musakumva cholakwika. Inu simukumva za m'mutu mwake.

Chitani motere. Ikani 256, imbani. Tsitsani pa 128, imbaninso nyimbo yonse ikulira. Ngati kulibe kuthetheka, yesani 64. Mukangomva kuthetheka, bwererani pa nambala imene mwachokera. Mu FL Studio, pa tsamba la Audio lomwe lija pali nambala ya Underruns, ndipo ikamakwera nyimbo ikulira, buffer yachepa. Ine ndimajambulira pa 128, ndipo sindiona chifukwa chothamangira 32 n'kumakhala ndi mantha kuti take yabwino ithetheka pakati. Mukamaliza kujambula n'kuyamba mixing, kwezani pa 512 kapena 1024, popeza palibenso amene akuimba ndipo CPU ikufunika mpata wonyamula ma plugin, timapulogalamu toonjezera mu DAW topanga kapena kukonza mawu. Buffer sisintha kukoma kwa mawu a nyimbo yomaliza ngakhale pang'ono.

Ena amalangiza kukweza sample rate pa 96,000 Hz. N'zoona kuti 128 pamenepo ndi 1.3 ms, koma CPU ikugwira ntchito yowirikiza kawiri, mofanana ndi kuika 64 pa 48,000, ndipo mafayilo akula kawiri. Phindu lake ndi lochepa. Za kiyibodi ya MIDI nazo, musanamizire chingwe. MIDI, imene inayamba mu 1983, sinyamula mawu, imangonyamula uthenga wakuti noti yakuti yadinidwa mwamphamvu chonchi, ndipo ngakhale pa chingwe chakale cha mapini 5 uthenga wa noti imodzi umatenga pafupifupi 1 ms. Piyano ikamalira mochedwa, wochedwetsa ndi buffer yotuluka kapena plugin.

Gawo lachisanu: ma plugin obisa latency

Ma plugin ena amafuna kuona mawu akubwera asanayambe kuwagwira. Otere ndi limiter ya lookahead, EQ ya linear phase, ochotsa phokoso, ena owongola mawu ophonya, ndi ambiri a mastering. Kuti aone kutsogolo, amawasunga mawuwo kanthawi. Tsono DAW, pofuna kuti ma track onse afike limodzi, imaimitsa ena onse kuti adikire wochedwetsetsayo. Zimenezi zimatchedwa plugin delay compensation, mwachidule PDC. Pa mixing ndi mdalitso, chifukwa popanda iyo kick ndi bass zikanamasemphana. Pojambula, plugin imodzi pa master imatha kuchedwetsa woimba ndi ma ms makumi angapo ngakhale buffer ili pa 64. Ndi zimene zinachitikira mtsikana uja: ankadzimva mochedwa, ndipo mosadziwa ankadikira mawu akewo.

Sungani kaye pulojekiti ndi dzina lina. Kenako yambani ndi master, muchotse zonse. Ndati muchotse, chifukwa m'ma DAW angapo kudina bypass kumangoletsa plugin kusintha mawu, koma kuchedwa kwake kumakhala kulipobe. Zikapitirira, pitani pa track ya maiki ndi pa ma bus, njira zosonkhanitsira ma track angapo, amene ikudutsamo. Kuti musamangoganizira, funsani DAW yomwe. Mu Ableton, mukaika mouse pa dzina la plugin, latency yake imalembedwa pa mzere wa pansi. Mu Reaper, Performance Meter imaonetsa PDC ya track iliyonse. Mudzadabwa kupeza kuti compressor wamba ndi EQ wamba zambiri zili pa 0, pamene kaplugin kamodzi kamene munakaiwala kanyamula ma sample masauzande.

Ma DAW ambiri ali ndi batani lachidule la vutoli. Mu Logic Pro ndi Low Latency Monitoring Mode, mu Cubase ndi Constrain Delay Compensation, ndipo onse awiriwa amapumitsa ma plugin ochedwetsa kwa kanthawi. Mu Ableton ndi Reduced Latency When Monitoring, pa Options. Mukamaliza kujambula muzikumbukira kuzimitsa, kuopa kuchita mixing ma plugin ena akugona, n'kudzadabwa nyimbo itatuluka mosiyana ndi mmene munkaimvera.

Njira imene ine ndimaikhulupirira kuposa mabatani onsewa ndi yachikale. Tulutsani biti yonse kukhala fayilo imodzi ya WAV, tsegulani pulojekiti yatsopano pa tempo yomweyo, ikani fayiloyo pa bar yoyamba, mujambulire mawu mmenemo. Mulibe synth, mulibe limiter, CPU ikupuma, ndipo 64 imene inkakana ija imatheka. Mukamaliza, mutenge mawuwo kuyambira pa bar yoyamba mukawaike mu pulojekiti yaikulu. Woimba akaumirira kuti azidzimva ndi Auto-Tune, yatsani Low Latency mkati mwake, musamupatse mmene mumaikira pa mixing.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: direct monitoring

Pali njira yolambalala kompyuta yonse. Ma interface ambiri amatha kutenga mawu a maiki n'kuwapereka ku mahedifoni pomwepo, kwinaku akutumiza ena ku DAW kuti ajambulidwe. Pa Focusrite Scarlett ndi batani lolembedwa Direct. Pa PreSonus AudioBox ndi kachopotokola kamene mbali ina kalembedwa Input, mbali ina Playback. Mukatero, woimba amadzimva popanda kuchedwa komveka, ngakhale buffer ili pa 1024.

Msampha wake ndi wakuti mukayatsa monitoring, kudzimva kumeneku, pa interface, muyenera kuzimitsa ya mu DAW. Apo ayi woimba adzimva kawiri, mawu a pomwepo ndi ochedwa aja, zomwe n'zoipa kuposa poyamba. Mu Ableton ikani Monitor pa Off. Mu Cubase ndi mu Reaper zimitsani kachizindikiro ka sipika pa track. Mu Logic chotsani Software Monitoring. Mu FL Studio, pa mixer pamene mwasankha input, monitor ya external input ikhale Off. Za Ableton ndionjezepo: Monitor ikakhala pa In kapena Auto, Live imaika zojambulidwazo pamene munazimvera, pamodzi ndi kuchedwa kwake, pamene ikakhala pa Off imazibwezera pamalo pake. Anthu ambiri a vuto lachiwiri lija amachira ndi batani limeneli lokha.

Kuipa kwa direct monitoring n'kwakuti mawu amabwera ouma, ndipo oimba ambiri sakonda kudzimva opanda reverb, kamchira ka mawu kokhala ngati mukuimbira mu holo. Pangani track yachiwiri yotenga maiki yomweyo, yosajambula, monitor yake ikhale yoyatsa, muikepo reverb pa 100% wet, kuti kuzimveka reverb yokha. Mawu enieni akubwera pa interface mosachedwa, mchira wa reverb wokha ndi umene ukudzera mu kompyuta, ndipo mchira ukachedwa ndi 15 ms palibe amene amadandaula, chifukwa reverb mwachibadwa imabwera pambuyo. Njirayi sigwira pa gitala yodalira amp simulator (plugin yotsanzira amplifier) kapena pa kiyibodi ya MIDI, popeza kumeneko mawu enieniwo akupangidwa mu kompyuta. Kumeneko mankhwala ndi buffer yaing'ono basi.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: zojambulidwa zikamagwera pambali

DAW imafunsa driver kuti latency yake ndi yochuluka bwanji, n'kukokera zojambulidwa kumbuyo ndi nambala imeneyo. Driver ikapereka nambala yosakwana, take iliyonse imagwera pambali mofanana. Musamakoke ma clip ndi maso tsiku lililonse. Yezani kamodzi.

Tengani chingwe cha jack, mulumikize output 1 ya interface ku input 1 yake yomwe. Musanalumikize, zimitsani 48V (magetsi amene interface imapatsa maiki ya condenser), ikani input pa line, tsitsani gain (kachopotokola kokwezera mawu olowa), ndipo muzimitse monitoring yonse, ya pa interface ndi ya mu DAW, kuopa kulira kwa feedback koboola makutu. Ikani kamawu kakuthwa, monga rimshot, pa track yoyamba, ndendende poyambira bar yachiwiri. Jambulani pa track yachiwiri. Kulitsani chithunzi mpaka muone ma sample, muwerenge mtunda kuchokera pamene kamawu koyamba kayambira mpaka pamene kojambulidwako kayambira. Mukapeza ma sample 240 pa 48,000 Hz, ndiye kuti ndi 5 ms.

Nambala imeneyo muilembe pamalo pake: Record Shift mu Cubase, Recording Delay mu Logic, Record Offset mu Studio One, Driver Error Compensation mu Ableton, Input manual offset mu Reaper, Latency compensation mu Audacity. Mu FL Studio yambani mwaona ngati Latency compensation ndi yochonga pa Disk recording, mu menyu ya mixer. Ma DAW ena amafuna nambala ya minus, ena ya plus, ena mu ma sample ena mu ms, ndiye jambulaninso. Mtunda ukawirikiza kawiri m'malo motha, mwalemba chizindikiro cholakwika. Mukasintha interface kapena sample rate, muyezenso.

Gawo lachisanu ndi chitatu: kuthetheka kosamva buffer

Ngati pa 512 kukuthethekabe, vuto lili kunja kwa DAW. Laputopu ilumikizeni ku magetsi, chifukwa pa batire CPU imadzichepetsa mphamvu, ndipo power plan ikhale pa High performance. Tsekani browser ndi mapulogalamu amene amatumiza mafayilo pa intaneti mwakachetechete. Zimitsani Wi-Fi ndi Bluetooth muone ngati pali kusintha. Interface ilowe pa USB ya kompyuta mwachindunji, osati pa hub, ndipo yesani chingwe china. Pa Windows pali kapulogalamu kotchedwa LatencyMon kamene mukakasiya kakuyenda mphindi zingapo kamatchula dzina la driver imene ikugwira CPU nthawi yaitali, kawirikawiri ya Wi-Fi kapena ya graphics. Ma synth olemera, ma plugin opanga mawu a zida, achiteni freeze (DAW iwajambuliretu n'kuwapumitsa) kapena muwasandutse audio. Ndipo gwirani pansi pa laputopu. Ikatentha kwambiri imadzichedwetsa yokha, n'chifukwa chake ena amati zimayamba bwino koma pakatha ola zimasokonekera.

Mabatani ena amene amagwiritsa anthu njakata

Arm ndi monitor ndi zinthu ziwiri. Arm, kabatani kofiira ka pa track, kamauza DAW kuti ijambulire pamenepo. Monitor imakulolani kumva. Mukhoza kumamva bwinobwino osajambula kanthu, kapena kujambula osamva kanthu. Ngati mita ya pa interface ikuyenda koma ya mu DAW ili phee, onani input imene mwasankha, kenako chilolezo cha maiki mu Privacy, pa Windows ndi pa Mac pomwe. Ngati ya pa interface nayonso ili phee ndipo maiki ndi ya condenser, mwaiwala 48V.

Mawu akamamveka khutu lamanzere lokha, mahedifoni sanafe. Mwasankha input ya stereo, 1 ndi 2 pamodzi, pamene maiki ili pa 1 yokha. Sankhani mono.

Mu FL Studio, chosokoneza chachikulu ndi PAT ndi SONG. Mwayala nyimbo yonse pa Playlist, mwadina play, koma kukungolira kachigawo kamodzi kobwerezabwereza: muli pa PAT. Dinani L. China n'chakuti maiki musaisankhire pa Master. Ipatseni Insert yakeyake, apo ayi biti imatha kulowa mu fayilo ya mawu, ndipo simungaichotsemonso. Pa Insert pomwepo pali posankha malo amene FL itengere mawu pojambula. External input only imakupatsani mawu oyera. Post effects imamatirira reverb ndi compressor mu fayilo mpaka kalekale. Palinso kabokosi ka Stretch pamwamba chakumanzere kwa Playlist. Kakachongedwa, mukakoka m'mphepete mwa clip pofuna kuidula, mumaitalikitsa kapena kuifinya, woimba n'kuyamba kumveka ngati kamwana.

Mu Ableton, Session ndi Arrangement zimasinthana ndi Tab, koma track imodzi siingaimbe zonse ziwiri nthawi imodzi. Mukadina clip mu Session, track imeneyo mu Arrangement imazilala n'kusiya kumveka mpaka mutadina Back to Arrangement, kabatani kooneka ngati lalanje. Warp nayo imapweteka anthu obwera ndi biti yogula kapena yotumiziridwa. Live imayesa kuganiza tempo ya fayilo yaitali n'kuikokera pa tempo ya pulojekiti, ikaphonya biti imamveka yopunduka. Zimitsani Warp pa clip imeneyo, ikani tempo yeniyeni ya biti, ndipo mu Settings muchotse Auto-Warp Long Samples.

Nyimbo ikamalira mothamanga ndiponso mokwera, kapena mochedwa ndi motsika, popanda amene wakhudza tempo, ndiye kuti sample rate zasemphana. Zojambulidwa pa 44,100 zikaseweredwa ngati za 48,000 zimathamanga ndi pafupifupi 9% ndipo zimakwera ndi pafupifupi semitone imodzi ndi theka, mwakuti gitala siigwirizana nazo pa key iliyonse. DAW, pulogalamu ya interface ndi Sound ya Windows zonse zikhale pa nambala imodzi. Clip ikamakana kukhala pamene mukuifuna, n'kumalumphira pa mzere, imeneyo ndi snap. M'ma DAW ambiri pali batani la pa kiyibodi limene mukaligwira pokoka, snap imapuma, monga Alt mu FL Studio ndi Shift mu Reaper.

Gain musaikweze pofuna kuti chithunzi cha mawu chioneke chachikulu. Pa 24 bit, mawu okwera kwambiri akamafika pakati pa -12 ndi -6 dB mwajambula bwino. Akagunda 0 amaphwanyika, ndipo kuphwanyika kumeneko ena amakusokoneza ndi kuthetheka kwa buffer. Woimba akati sakudzimva, tsitsani biti m'mahedifoni mwake, gain isiyeni pomwepo.

Zonse zikakhazikika, jambulani sikirini ya Audio settings, chifukwa update ya Windows kapena ya driver imatha kubwezera zinthu pa MME osakuuzani. Kenako sungani template yojambulira, pulojekiti yokonzeratu yoyambirapo nthawi zonse: track ya biti yopanda Warp kapena Stretch, ma track 4 a mawu a mono okhala ndi input yosankhiratu, track ya reverb ya m'mahedifoni, count-in ya bar imodzi, ndi master yopanda plugin ngakhale imodzi.